Tiyesako Chabe

Amuna anga anayendetsa basi ya alendo zaka zambiri popanda wina kuwafunsa pepala lofotokoza kuti iwo ndani. Ankanyamula azungu pa bwalo la ndege, kuwasiya ku maloji a m'mbali mwa Zambezi, mawa lake n'kuwatengera ku mathithi kapena ku Mukuni kukagula ziboliboli. Ntchitoyo anaipeza mmene ntchito zinkapezekera kale. Bambo wina wa kutchalitchi anawalozera kwa bwana, bwana anawaponyera makiyi nati tazungulirani apa tione, basi. Kenaka kunabwera korona, ndege zinasiya kutera, ndipo kampaniyo inagulitsa mabasi ake onse. Alendo atayambiranso kubwera, kampaniyo sinadzukenso.

Masiku ena ankabwereka takisi ya mnzawo mwini wake akatopa, koma m'tauni mwathu matakisi ndi ambiri kuposa okwera. Ine ndinkagulitsa zovala zovalidwa kale, za salaula, ku msika wa Maramba, mwana wathu wamkazi ali kumsana, wakhanda. Ndiye msuweni wawo, amene amayendetsa mathiraki a mkuwa kuchokera ku Kongo kudutsa pa Kazungula, anayamba kubwera pakhomo ndi nkhani imodzimodzi, yoti bwana wake akufuna madalaivala. Moyo umenewo ndinkaudziwa chifukwa ndinkamuona mkazi wa msuweniyo, amene ukwati wake wonse unali mu foni. Munthu akapita amatha miyezi osaponda pakhomo. Ndinawauza amuna anga kuti ine sindinakwatiwe ndi foni, ndipo ntchito tiipeza konkuno ku Livingstone, zivute zitani.

Posakhalitsa tinamva kuti loji ina yatsopano ikufuna dalaivala. Vuto linali lakuti masiku ano sapita munthu, imapita CV, ndipo imapita pa imelo. Amuna anga anakhala pansi ndi cholembera nalemba mizere inayi: dzina, layisensi, kumene anagwirako, nambala ya foni. Nditaiwerenga ndinapsa mtima. Zaka zonse zija za kudzuka kusanache, zonse zakwana pa theka la tsamba la kope la mwana wa sukulu! Mzimayi amene timayandikana matebulo ku msika ndiye anandiuza za mnyamata wina m'tauni amene amalembera anthu ma CV pa kompyuta, wolipiritsa. Anthu ankangomutchula kuti ba CV. Ine ndinawakoka amuna anga kupita kumeneko, iwo asakufuna.

Kachipinda kake kanali kuseri kwa sitolo ya mafoni, mipando iwiri ndi fani yaphokoso. Mnyamatayo anali waulemu, wovala taye kutentha konse kuja. Anayamba kuwafunsa.

"Ba dalaiva, ni chani chamene muziba maningi?"

"Kuyendesa chabe."

"Ngozi munachitapo?"

"Awe, Mulungu anatisunga."

"Manje ma kasitoma benze kukamba chani pali imwe?"

"Ah, benze kukamba zikomo."

Mnyamatayo anachotsa manja pa kompyuta nandiyang'ana ine. Ndinamvetsa. Ndinayamba kulankhula m'malo mwawo: kuti palibe mlendo amene anaphonyapo ndege m'manja mwawo, kuti madalaivala atsopano ankapatsidwa iwo kuti awaphunzitse, kuti nkhalamba zachizungu zikabweranso zinkawafunsa ndi dzina. Amuna anga ankandiponda phazi pansi pa tebulo. Ine ndinangosuntha phazilo n'kupitiriza.

"Mwaona ba mayo, ndiye zamene tifuna izo," anatero ba CV. "Muzungu safuna kumvela ati Mulungu anatisunga. Afuna kumvela ati ndimwe nambala wani."

Tsiku lotsatira tinakaitenga CV ija. Inali yokongola ndithu, masamba awiri, ya mizere ya buluu m'mbali, chithunzi chawo pakona. Mnyamatayo anatiwerengera akumasulira: dalaivala wopambana, wosafanana ndi wina aliyense, wotsogolera anzake, wodziwa kusangalatsa alendo a mitundu yonse. Amuna anga anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Uyu muntu mwalemba apa, nifuna nikamuoneko na ine." Tonse tinaseka. Koma ine ndinali nditamvetsera bwino mzere uliwonse, ndipo munalibe bodza ngakhale limodzi. Tinalipira ndi mtima woyera.

Ndipo inagwira ntchito. Ichi ndiyenera kuchinena, chifukwa ndikakwiya ndimafuna kuchiiwala. Mlungu usanathe foni inalira, akuwaitana ku intavyu. Ku msika ndinalalikira za ba CV ngati ndatsegula mpingo. Azimayi awiri anatumizako ana awo chifukwa cha pakamwa panga. Malaya oyera ndinawasita kawiri, nsapato anapolisha okha, ndipo m'mawa wa tsikulo ndinawaperekeza mpaka pamsewu ngati mwana woyamba sukulu.

Intavyuyo inali ku Highlands, m'nyumba ina yakale ya mitengo ya mango imene anaisandutsa ofesi. Anabwerako masana. Anavula nsapato, napempha madzi, nayamba kusewera ndi mwana. Amuna anga nkhani satulutsa okha, umachita kuizula ngati chisonga. Ndinazula.

Kuyendetsa kunayenda bwino. Anawapatsa basi, anaizungulitsa, anaibweza chambuyo pakageti kopapatiza osagunda kanthu. Kenaka anawalowetsa m'chipinda mmene munali anthu awiri: mayi wachizungu, manijala, amene anali atangobwera kumene m'dziko muno, ndi bambo wina wa konkuno wolemba anthu ntchito. Mayiyo anali ndi CV ija m'manja. Anaika chala pamzere woyamba nawafunsa m'Chingerezi kuti, apa palembedwa kuti ndinu dalaivala wopambana, wosafanana ndi wina aliyense, kodi n'zoona?

"Manje imwe munayankha chani?" ndinafunsa.

"Ninaseka pang'ono. Ninakamba ati, ah, iyayi madamu, tiyesako chabe."

"Mu Chizungu?"

"Ee, mu Chizungu."

Anangowatembenuza mawuwo mmene alili. Iyayi, ndimangoyesa.

Munthu wa kuno safuna kumasuliridwa mawu amenewa. Mmisiri amene wamanga nyumba ya nsanjika ukamuuza kuti mwamanga bwino, amati tiyesako chabe. Mayi amene amaphikira maliro onse a m'komboni, amene popanda iye anamalira agona ndi njala, ukamuyamika amati tiyesako. Wophunzitsa kwaya, namwino wogwira bwino jakisoni, onse yankho ndi lomwelo. Tanthauzo lake si lakuti ndikukayika. Tanthauzo lake ndi lakuti inde, ndikudziwa, koma si pakamwa panga poyenera kutulukira zimenezo, nenani ndinu. Munthu amene angaimirire n'kunena yekha kuti ine ndine katswiri timamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo akachoka timamuseka. Amuna anga pamenepo anali atayankha inde wamphamvu kuposa onse amene amamudziwa.

Mayiyo anamva zina. Anafunsanso kuti, mumangoyesa? Ife timanyamula anthu okalamba ndi ana, tikufuna munthu wotsimikiza. Amuna anga, poona kuti zavuta, anawonjezera kuti ndi chisomo cha Mulungu. Mayiyo analemba kanthu papepala. Kenaka anafunsa kuti CV iyi munalemba nokha? Iwo anati ayi, anatilembera mnyamata wa m'tauni. Bambo wa konkuno uja, amene mawuwo anawamva bwino lomwe, amene nayenso amayankha chimodzimodzi akayamikiridwa, anangoyang'ana cholembera chake. Mpaka lero ndimamukwiyira munthu ameneyo, ngakhale nkhope yake sindiidziwa. Mwina nayenso ankasunga ntchito yake.

Ndinakalipa tsiku limenelo, anthu oyandikana nafe anamva.

"Simukanakamba chabe ati yesi? Liwu limozi! Yesi!"

"Manje nizitame neka pamenso pa bantu? Monga ofunta?"

"Benze bakufunsani!"

"Benze bawelenga kudala. Nanga bafuna nibwezepo futi?"

Koma khalidwe limene ndinkawakalipira nalo ndi lomwelo limene ndinawakondera. Anyamata amene ankandifunsira kale anali odzitama, a magalimoto obwereka. Awa anabwera kwa amalume anga atagwira chipewa m'manja, ndipo zabwino zawo ananena ndi ena. Ndinalowa m'nyumba n'kukalira ndekha, osadziwa kuti ndikulirira chiyani kwenikweni.

Foni sinalirenso. Patapita masabata tinaona basi ya lojiyo pamsewu wa ku bwalo la ndege, woyendetsa ali mnyamata wa magalasi akuda. Ndinapita kwa ba CV nditakonzeka nkhondo. Anandimvetsera modekha, kenaka anati CV ntchito yake ndi kumulowetsa munthu pakhomo, ndipo inawalowetsa. Zam'kati ndi za mwini wake. Anati amaphunzitsanso mayankhidwe a pa intavyu, ngati tingafune. Ndinamufunsa mwaukali ngati iye mwini amakhulupirira zimene amagulitsazo. Anaseka, koma osati kuseka kwa chipongwe.

"Ba mayo, ine nili na dipuloma. CV yanga ni yabwino kupambana yonse yamene nalembela bantu. Ngati CV yenze kupasa nchito, sembe nili muno?"

Nkhondo yanga inathera pomwepo. Ndinatuluka n'kukaima padzuwa, osadziwa woti ndimukalipire.

Ndinaganiza zowaphunzitsa ndekha. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinatulutsa mipando iwiri pakhonde. Ine ndinakhala madamu, CV m'manja, iwo moyang'anana nane. Ndinawafunsa funso lija. Anaseka. Ndinafunsanso. Anayang'ana nkhuku. Ndinawauza kuti akapanda kunena, akwera thiraki, ndipo mwana uyu akula osawadziwa. Pamenepo anasiya kuseka. Anawongola msana, nakweza chibwano, nanena mokweza kuti iwo ndi dalaivala wopambana mu Livingstone monse, palibe wofanana nawo.

Kuseri kwa mpanda bambo woyandikana nafe, amene ankatsuka njinga yake, anaphulika ndi phwete. Koma si iye anandipweteka. Ine ndemwe ndinachita manyazi mpaka kutentha m'makutu. Munthu amene anakhala patsogolo pangayo sindinkamudziwa, ndipo sindinamukonde. Mawu amene ndinawalipirira ndekha, amene papepala ankandisangalatsa, m'kamwa mwawo ankamveka ngati jekete lobwereka. Ndinati basi, lekani. Anandiyang'ana, nabwezera mipando m'nyumba.

CV ija tinaitumiza kwina ndi kwina, ku maloji, ku makampani a maboti, ngakhale kutsidya kwa Zambezi, m'dziko loyandikana nafe. Ena ankayankha kuti talandira, ambiri zii. Mvula inabwera n'kupita, utsi wa mathithi unakwera mpaka kuoneka tili m'tauni, alendo anadzaza misewu, ndipo amuna anga anali akudikirabe takisi ya mnzawo. Anayamba kuonda. Ankadzuka m'mamawa monga kale, kusamba, kuvala, kenaka n'kukhala pakhonde. Ine ndimatha kulimbana ndi munthu wokalipa, koma munthu wosamba m'mawa wopanda kopita sindidziwa pomugwira.

Msuweni atabweranso, sindinatsutsenso. Bwana wa mathiraki sanafune CV. Anaona layisensi ndi pasipoti, anawauza kuti abweze thiraki chambuyo pakati pa migolo, nati muyambe Lolemba. Palibe anawafunsa ngati ali opambana. Ndinawalongedzera bulangete, kapoto ndi tinsomba touma ta kapenta. Mwana anali atangoyamba kuimirira chogwirira.

Azimayi ku msika amandifunsabe, popeza ndine ndinayambitsa mpingo uja, ngati n'koyenera kuti mwana wawo akalipire kwa ba CV. Ndimayamba kuyankha n'kulekeza panjira. Ndinene kuti ayi, pamene popanda iye sakanaitanidwa n'komwe? Ndinene kuti inde, pamene pepalalo linawavalika mawu amene sakanatha kuwanyamula? Mwana wa mmodzi wa azimayi awiri aja anapeza ntchito ku loji, wa mnzake akugulitsabe ma thokotaimu a m'mafoni pamsewu, ndipo ma CV awo analemba ndi munthu mmodzi. Ndimangowauza kuti pitani, koma mwanayo akawerenge zimene amulembera, aone ngati angazinene anthu akumuyang'ana. Si malangizo enieni amenewo, ndikudziwa.

Amuna anga anabwerako nyengo yotentha, mitengo itayoyoka masamba. Thiraki anaisiya pamzere wa mathiraki pamalire ku Kazungula n'kukwera basi. Ndinawaona akulowa pageti, akuda ndi dzuwa, jumbo ya zinthu m'manja. Mwana anali pakhonde akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Anali akuyenda tsopano, ndipo pakamwa panali patatseguka. Amuna anga anaika jumbo pansi, nagwada, natambasula manja onse awiri.

Mwanayo anaimirira, nawayang'ana, nathawira kuseri kwa chitenje changa. Kenaka anasuzumira, nandikoka, nandiuza monong'ona koma momveka, mmene ndinamuphunzitsira kuchitira alendo aamuna:

"Mami, ba anko babwela."

Amuna anga anaseka. Anati palibe kanthu, ndi mwana, azolowera. Ananyamula ndowa n'kupita kubafa, ndipo anakhalitsa kumeneko, madzi osamveka kukhavuka. Ine ndinaima pomwepo ndi mwana atandigwira mwendo.

Mwanayo anazoloweradi. Analola kunyamulidwa, nawagwira ndevu, nagona pachifuwa pawo, masana a tsiku limene msuweni anaimba foni kuti mzere wayamba kuyenda.