Mano a Katerina ndi Mpunga wa ku Bwanje

Inu amene mwagwira tsaya kuti zanu zatha, sunthirani kuno ndikuuzeni za Katerina wa ku Golomoti, mwana wa mchimwene wanga. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma izi ndinaziona ndi maso angawa.

Chaka chomwe korona anabweranso mwaukali, Katerina anagona m'chipatala, machubu a mpweya ali m'mphuno. Mkazi wathupi uja anatsala ngati phesi. Kunyumba matumba ake a mpunga anali atachita nkhungu, mpamba wonse utawolera momwemo.

Chinamufikitsa pamenepo n'chiyani? M'kamwa, abale anga.

Katerina amagula mpunga kwa alimi a ku Bwanje n'kumagulitsa. Pa ntchito imeneyi makina ake ndi mano. Umatola kanjere n'kuluma. Kakalira kuti khwa, mpunga wauma, gula. Kakangophwanyika mwakachetechete, ngwauwisi, thawa.

Tsono iye anali ndi chiseyeye. Nkhama zotupa, akaluma chimanga magazi, mano akugwedera ngati mitengo ya mpanda wakale. Za fungo sindinena, ndi mwana wanga. Masiki atabwera anasangalala ngati amuikira chitseko pakamwa. Kutsuka anasiyiratu, ati aone ndani? Pamsika ankalowetsa kanjere kunsi kwa masiki, n'kunamizira kuluma, n'kugwedeza mutu ngati katswiri. Alimi ena atazindikira anamuthira wauwisi wokhawokha.

Atayamba kupezako bwino, namwino wina, a Ndaziona, anamuyang'ana m'kamwa n'kupukusa mutu.

"Mayi, nkhope munatchinga, koma m'kamwamu munasiya moto ukuyaka. Madokotala aona kuti ambiri odwala nkhama, korona amawagwira mwamphamvu. Thupi lanu linali kale pa nkhondo ina."

"Ndiye ndizule onse?" anafunsa Katerina.

"Uzule ulesi!" ndinakuwa ine ndili pawindo, poti mkati sankatilola.

Atatuluka anapita kwa dokotala wa mano. Mano awiri akutsogolo sanapulumuke. Otsalawo anawapala, n'kumulamula kuti azitsuka m'mawa ndi madzulo, n'kumachukucha madzi a mchere. Ankatsuka misozi ili mbwee, magazi akutuluka, koma mswachi sanautaye. Magaziwo anatopa okha.

Chakudya chinkachokera mu ganyu wopeta mpunga wa anzake, omwewo amene kale ankapikisana nawo pogula. Anapeta mpaka nsidze kuyera, akusunga pang'onopang'ono. Dziko lonse linavula masiki, iye yekha ayi. Mpata wakutsogolo uja unkamuchititsa manyazi.

Tsiku lomwe anabwerera pamsika ndi kampamba kake, anafika a Gidiyoni, mmodzi wa alimi amene anamugulitsa wauwisi aja, thumba lili pa njinga.

"Wouma uwu, mlamu, musavutike n'kuluma. Nanga mulumira chiyani?"

Anthu anaseka. Ine ndinasendera pafupi, poti akanagulanso wauwisi, kunalibenso koyambira.

Katerina anavula masiki n'kumwetulira, mpata wonse poyera, mphepo n'kumadutsamo. Anaika kanjere pa mano am'mbali n'kuluma. Zii.

"A Gidiyoni, mpungawu ukadali ndi madzi a ku Bwanje. Kauyanikeni. Mukadzabwera ndidzakupatsani ndi mswachi womwe, ndaumva mpweya wanu."

Anatola kanjere ka mayi wina n'kuluma. Khwa! Ndikuti anamva ndi a ku Mtakataka. Ine nthungululu, mpango mpaka kugwa.

Lero Katerina ali ndi kasitolo kake. Pambali pa sikelo anapachika miswachi, ndipo amene wabwera atabisa pakamwa amamuonetsa mpata wake n'kuti, "Thamangirani kuchipatala akadalipo."

Ndiye iwe amene wabisa bala lako, livundukule ulichize. Mano awiri anapita, otsalawo akudyetsa banja lonse, ndi ine azakhali ake ndikudyera pomwepo. Osataya mtima, luma ndi amene watsala nawo!