Tsiku limene ndinaimika galimoto pa mapesi

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ana anga atakula kale. Ndinayamba ndi ngolo ya ng'ombe, kenaka ndinkakweza mabelo pa malole a thonje, ndipo kumeneko dalaivala wina wachifundo anandiphunzitsa chiwongolero. Laisensi ndinatenga, koma kuwerenga ndinkangodziwa dzina langa. Zikwangwani za pamsewu ndinaziloweza ngati nkhope za anthu.

Mlamu wanga ndi amene anandiuza kuti mayi Nyabande, ogula mbuzi a ku Nchalo, aitanitsa kalole ka petulo kogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ndipo akufuna dalaivala. Nditapita, mayiwo anandifunsa ngati ndimamwa, ndinati ayi.

"Nanga liwiro?"

"Ndinazolowera ng'ombe, mayi."

Anaseka, nandiponyera makiyi.

Injini ya kaloleko inali pansi pa mpando. M'mawa uliwonse ndinkatukula mpandowo, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, n'kukasololanso kuti ndione pamene oyilo walekeza. Kenaka madzi a mu ladiyeta, mafuta a mabuleki, mpweya wa matayala, jeke ndi sipanala ya mawilo. Zimenezi ndinkazichita mosaphonya, ndipo ndinkadziona ngati dalaivala wosamala.

M'kabokosi ka kutsogolo munali buku la galimotoyo, lochindikala ngati la nyimbo za kutchalitchi. Linali m'Chijapanizi, zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ngakhale mayi Nyabande, omwe anafika sekondale, sanatolemo kanthu. Ankangodzikupiza nalo tikamadutsa pa Ngabu dzuwa lili pamutu.

Mwezi wina wa Okutobala tinapita kwa Chapananga kukagula mbuzi kwa a Zuze, bambo wachikulire amene mayi ankagula kwa iwo kawirikawiri. Batire inali itafooka, moti m'mawawo anthu anachita kutikankha kuti tilize. Msewu unali wa mchenga ndi miyala, ndipo malo ambiri ndinayenda pa giya yoyamba, injini ikubuula. Tinafika dzuwa litalunjika.

A Zuze anatithamangira akukupiza manja. Kwathu kuno mlendo sumusiya padzuwa, ndipo ulemu umenewo umafika ndi pa galimoto yake yomwe.

"Bwerani nayo kuno, achimwene, pa bwemba apa! Ipsa galimoto ya mayi!"

Pansi pa bwembayo anali ataunjika mapesi a mapira, chakudya cha ng'ombe zawo m'chilimwe. Mulu waukulu anaukankhira pambali ndi mwendo, koma pansi panatsala mapesi ndi mankhusu ofika m'kakolo. Chapafupi panali nkhokwe, yodzaza ndi ngala za mapira. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo banja lonse linkadalira nkhokwe imodziyo kuti lifike nayo ku zokolola zina.

Ndinalowa pamthunzi, ndinakoka handibuleki, ndipo dzanja langa linapita pa kiyi.

"Musazimitse," anatero mayi Nyabande. "Kuno atikankha ndani pamchengapa? Sitichedwa."

Ndinaisiya ikulira. Tinazungulira kuseri kwa nyumba, ku khola, kumene ndinkagwira mbuzi mayi akuzipapasa msana ndi kuziyang'ana mano. A Zuze ankatamanda tonde wawo, mayi n'kumati tondeyo ndi mafupa okhaokha ovala chikopa. Tonse tinkaseka. Fungo la utsi ndinalimva, koma ndinaganiza kuti ndi la kukhitchini.

Amene anakuwa ndi akazi awo a Zuze. "Moto! Moto pa galimoto!"

Nditafika, malawi anali akutuluka pansi, pakati pa matayala. M'mutu mwanga munabwera chinthu chimodzi chokha: thanki ya petulo. Ndinalumphira m'kati. Kutsogolo kunali tsinde la bwemba, choncho ndinaika livesi n'kuponda. Kalole kanatuluka, koma kanakokera mapesi oyaka amene anakola kunsi, n'kukawasiya m'munsi mwenimweni mwa nkhokwe. Mphepo yotentha ya mwezi umenewo inamaliza zotsalazo.

Madzi pakhomopo anali a mumtsuko, akumwa. Mjigo unali kutali, ndipo mtsinje wa Mwanza unali mchenga wokhawokha. Tinathira mchenga ndi manja, ndi mabeseni, ndi chipande. Anthu oyandikana nawo anabwera ndi nthambi. Denga la nkhokwe linagwera m'kati, ndipo mapira ankathetheka ngati akukazingidwa. Tinapulumutsa nyumba. Kalole kanangopsa mawaya pang'ono. M'nkhokwe simunatsale choti munthu n'kupera.

A Zuze sanakalipe. Anakhala pa mtondo wogubuduzika, akuyang'ana phulusa, chipewa chili pa bondo. Akazi awo ankafukula ndi kamtengo, kutola ngala zakuda n'kumaziika m'lichero.

Mayi Nyabande anatumiza chimanga, ine ndinawonjezera chomwe ndinatha, koma pakhomopo panali ana ndi zidzukulu. Pofika Januwale ndinamva kuti a Zuze agulitsa ng'ombe zawo zokoka ngolo kuti adye. Ine ndinakulira pa ngolo. Ndikudziwa chomwe munthu amakhala atataya akagulitsa ng'ombe zimenezo.

Chomwe chinayatsa motowo sindinachidziwe msanga. Ena ankati ndinataya ndudu, chonsecho sindisuta. Makaniko wa ku Nchalo amene anakonza mawaya ndi amene anandilowetsa pansi pa kalole n'kundionetsa chibokosi chachitsulo chimene chili pa paipi ya utsi.

"Ichi chimawotcha utsi woipa, madala. Mukayenda mtunda chimatentha kuposa mbaula, ndiye inu munachigoneka pa mapesi injini ikulira. Zimenezi zimalembedwatu m'buku."

Mawu akuti zimalembedwa m'buku anandilanda tulo. Ndinali nditayenda ndi chenjezolo tsiku ndi tsiku, patsogolo pa bondo la mayi. Ndinakalembetsa sukulu ya kwacha imvi zili mbuu, kenaka ndinapitiriza ndi Chingerezi pa kalasi ya akuluakulu ya kutchalitchi. Patapita zaka, ndikuyendetsa galimoto ina, ndinapeza buku lake la Chingerezi ndipo ndinaliwerenga ndi chala, mzere ndi mzere.

Chenjezo lija ndinalipeza. Linali m'kati mwenimweni, nditadutsa kale za kasinthidwe ka mpando ndi kachunidwe ka wailesi. Unali mzere umodzi pakati pa mizere inzake, wonena kuti usaimike kapena kusiya injini ikulira pa udzu wouma, masamba kapena mapepala. Machenjezo m'bukumo analimo ambirimbiri, onse m'timabokosi tofanana. Loti ungadzitayire tiyi wotentha ndi loti ungawotche mudzi anawalemba ndi zilembo za msinkhu umodzi. Munthu ukawerenga masamba angapo otero, diso limatopa n'kuyamba kudumpha.

Sindikunena izi kuti ndidzichotse. Amene anaika livesi osayang'ana kumbuyo ndine. Koma ndimafunsa kuti chenjezo limene dalaivala sangaliwerenge, kapena sangalipeze, likuchenjeza yani? Zinthu zopha ndi zowotcha sizichuluka. Zikanakwana pa tsamba loyamba, m'zilembo zazikulu, ndi chithunzi choti ngakhale ine wa nthawi imeneyo ndikanachimva. Ndipo amene amabweretsa magalimoto kuno akanamamata kapepala ka Chichewa pafupi ndi chiwongolero.

Ndinabwerera kwa Chapananga ndi bukulo. A Zuze anali atakalamba kwambiri, maso akuchita nkhungu, ndipo ngolo yawo inali itawolera kuseri kwa khola. Ndinawawerengera mzerewo, n'kuwamasulira. Anandiuza kuti ndibwereze.

"Ndiye ankadziwa," anatero. "Opangawo ankadziwa kalekale."

"Ankadziwa, bambo."

Kenaka anandithokoza monga timathokozera kwathu kuno. "Takhuta pobwera. Zaka zonsezi ndimati ndinawotcha ndekha, poti ndine ndinakulozerani mthunzi."

Ndinawauza kuti ayi, wowotcha ndinali ine. Anapukusa mutu, ndipo tinakhala pamenepo nkhalamba ziwiri, tikulimbirana mlandu umodzi. Palibe amene anagonja.

Masiku ano maso sandilolanso kuyendetsa. Koma dalaivala aliyense amene amabwera kwa ine kudzafunsa za ntchitoyi, ndisanamuuze za oyilo kapena matayala, ndimamuuza ichi: usanaimike, tsika uone pansi. Pakakhala udzu kapena mapesi, kana mthunziwo, ngakhale wokuitanirayo akhale wamkulu bwanji, ukaimike padzuwa pa dothi loyera, ndipo uzimitse.