Maliro a Bambo ku Wheaton

Uthenga wa imfa ya bambo unandipeza ku Wheaton, kufupi ndi Washington, atawaika kale m'manda. Amalume anachita kupita kupositi ku Dedza kukaimba lamya, lamyayo inafikira ku ofesi ya mishoni, ndipo mkulu woyang'anira amishonale tonse anandiitanitsa. Anali munthu wabwino, ndisamunamizire. Anandigwira paphewa, anapemphera, kenako anati bambo anga angakondwe nditalimbikira ntchito. Ndinangogwedeza mutu. Iye bambowo sankawadziwa. Anamwalira asakumvetsa chimene mwana wawo, yemwe anapita ku Amereka kukaphunzira, anaimikira sukulu n'kumazungulira m'makomo mwa eni atavala malaya oyera ndi tayi.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mpingo wa amishonalewo ndinaulowa ndili pasukulu kumadzulo kwa dzikolo, ndipo unanditumiza kukatumikira zaka ziwiri. Anandiphunzitsa Chisipanishi, poti anthu othawa nkhondo ku El Salvador anali kudzaza nyumba zosanjikizana za kufupi ndi Washington. Tonse tinkatchedwa akulu, ngakhale ena ndevu zinali zisanaganize n'komwe zomera.

Tinkayenda awiriawiri. Mnzanga anali mzungu wamtali, mwana wa mlimi wa kachewere, wofatsa ndi wosunga malamulo mpaka kutopetsa. Lamulo lalikulu linali lakuti wina asachoke pamaso pa mnzake, komanso asayankhule pamene mnzake sakumva. Chipinda chimodzi, basi imodzi, ngakhale kwa ometa tsitsi limodzi. Patokha tinkayenera kuyankhula Chisipanishi basi. Kupita kumaliro kwanu kunalibe, kuimba lamya kumudzi n'kwa pa Khirisimasi ndi tsiku la anakubala. Ndiye ndikanalirira kuti? Ndinkalowa kubafa, n'kutsegula madzi kuti asandimve, koma misozi siibwera chifukwa choti wapeza mpata. Ndinkangoima m'menemo mpaka iye atagogoda kuti nthawi yowerenga malemba yakwana. Ndinkamuda pa nthawi imeneyo, ngakhale sanalakwe kanthu.

Tsiku lina masana tikugogoda m'nyumba ina ya nsanjika zingapo, ndinamva mawu kuseri kwa chitseko: "Iwe, ndakuuza kangati kuti usamadumphe pa sofa?" Chichewa ndinali ndisanachimve m'kamwa mwa munthu wina chichokereni kusukulu. Anatsegula mayi wazaka zoposa zanga, atabereka mwana pachitenje. Mnzanga anayamba moni wake wa Chisipanishi, ine ndinamudula.

"Zikomo mayi, muli bwanji?"

Anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Inu achimwene, ndinu a kuti?"

Iwo anali a ku Ntcheu, amuna awo ankaphunzira payunivesite ya ku College Park. Anatiuza kuti tilowe, koma lamulo silinkatilola kulowa m'nyumba mopanda mwamuna. Tinacheza pakhomo pomwepo, ndipo chiganizo chilichonse ndinkachitembenuzira m'Chisipanishi kuti mnzanga asatsale. Kucheza kotero n'kolemetsa ngati kutafunira mwana chakudya. Atafunsa za kumudzi ndinawauza za bambo.

Nkhope yawo inasintha. "Ndiye anabwera kudzakupepesani ndani?"

Ndinati mkulu wa mishoni anapemphera nane.

"Sindikunena zimenezo. Anadzakhala nanu pansi ndani?"

Funso ili sindinalimasulire. Mayiwo anati Loweruka aitana anthu a m'matauni oyandikana, a ku Laurel ndi a ku College Park, a kwathu ndi a ku Zambia omwe, tidzakhuze maliro monga mwa mwambo. Sanandifunse ngati ndili ndi mpata. Kwathu namfedwa safunsidwa zimenezo.

Vuto linali lakuti banjali silinali lathu. Aliyense wosayankhula Chisipanishi tinkamupereka kwa amishonale a Chingerezi, ife osabwererakonso. Mnzanga anavutika nazo mumtima sabata yonse, ndinkamuona. Pomaliza anaimbira mtsogoleri wa dera lathu, mnyamata wamsinkhu wathu womwewu, ndipo anapeza njira: tikapite ngati oitanidwa ku chakudya. Chakudya cha kwa anthu chinali ndi malire ake, ola limodzi. Mnzangayo anandiuza akumwetulira, poti kwa iye anali atandichitira chachikulu. Ndipo analidi atandichitira.

Titafika Loweruka masana tinapeza nsapato zitadzaza pakhomo. Mipando anali ataikankhira kukhoma, amuna atakhalapo, amayi atakhala pansi miyendo atatambasula, onse m'zitenje ndi mipango. Anthu oti mkati mwa sabata amavala masuti m'maofesi ndi m'zipatala. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankawadziwa bambo anga. Anandikhazika pakapeti pafupi ndi khoma, mnzanga n'kudzipinda pambali panga, mawondo ake ataliwo kusowa kowaika.

Anayamba kubwera mmodzimmodzi. Aliyense ankagwada, kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kunena motsitsa kuti pepani, kenako kubwerera pamalo pake. Mkulu wina wa imvi wa ku Chipata anakhalitsa atandigwira. "Pepani maningi, mwana wanga. Ise tonse tili na imwe." Kamtsikana kena kanakankhidwa ndi mayi ake, kanati "sorry" n'kuthawa. Kenako kunangoti zii. Kukhala chete kumeneko ndi kumene ndinkakusowa, koma mnzanga kunkamuvuta. Anandinong'oneza kuti mwina tigawe uthenga wachidule wa kuuka kwa akufa, poti anthu asonkhana kale. Ndinamuyankha kuti ayi, ndipo kanali koyamba kumukanira chinthu.

Nthawi inapita tili chomwecho. Ine mtima unali gwa, ndipo ndinayamba kuchita manyazi kuti anthu asiya ntchito zawo kudzaonerera munthu wouma m'maso. Ndiye mayi wina kukona anayambitsa nyimbo ya pamaliro, yotsika, imene amayi a mvano amaimba potulutsa bokosi. Ena anailandira. Ndinaona bwalo la kwathu, ndinaona njinga ya bambo itatsamira pankhokwe popanda woikwera, ndipo china chake chinamasuka pachifuwa. Ndinaweramira pansi, kulira kunayamba kutuluka, kwenikweni, kokhala ndi mawu.

Pamenepo ndi pamene dzanja linandikhudza pachigongono. Mnzanga anali atafiira nkhope yonse, naye m'maso muli misozi. Anandionetsa wotchi. Ola linali litapitirira kale, ndipo banja lina la ku El Salvador, loti libatizidwe sabata yotsatira, linkatidikira tsidya lina la msewu. Sakanapita yekha. Sakanandisiya. Ndikanakana, ndikanamuika iye pamlandu, iye amene anandipemphera chilolezo.

Ndinaimirira. Nyimbo inagwedera, anthu anayang'anana. Kwathu okhuza maliro ndi amene amatsanzika namfedwa mmodzimmodzi, iye n'kutsala. Namfedwa kudzuka n'kusiya anthu ali pansi, ndinali ndisanazionepo, ndipo ndikhulupirira iwonso anali asanazionepo. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya amayi ndikupepesa, ine wopepesedwa, mamina ndikupukutira kumkono wa malaya.

Mayi wa ku Ntcheu ananditsatira pakhomo ndikuvala nsapato. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Iwo anandikonzera tayi imene inapotoka, anayang'ana mnzanga, anayang'ananso ine.

"Pitani, achimwene," anatero. "Ife titsala tikuwalira."