Ufa wa m'makapisozi

Mwana wanga woyamba anakanika kubadwa bwinobwino, choncho anandichita opareshoni kuchipatala chachikulu. Anali wamwamuna, wonenepa bwino. Amayi anga anamunyamula mosangalala, komabe ndinawamva akuuza mayi wina wodikirira wodwala kuti, "Uyu ndi mlendo, akadzakula adzapita kuchikamwini. Mwini mudzi akubwera pambuyo."

Ine ndinabadwa mkazi ndekha pakati pa alongo anga. Kwathu munda umatsata mwana wamkazi, ndiye kamunda kathu ka nandolo, kufupi ndi Limbuli, kankadikira mtsikana wochokera m'mimba mwanga.

Titabwerera kumudzi, bala linayamba kufiira mbali imodzi ndi kutuluka timadzi. Tinapitanso kuchipatala. Amayi anatsala panja ndi mwana, ine ndinalowa ndekha. Adokotala ake anali aamuna, ndipo nthawi yonse imene ankaona balalo ine maso anali kukhoma. Anandipatsa makapisozi, mbali ina ofiira mbali ina achikasu.

"Muzimwa mpaka athe onse, ngakhale muone ngati mwachira," anatero. "Bala si ili mukulionali lokha. M'katimu muli linanso, pachiberekero. Majeremusi akafika kumeneko, nthawi zina timachotsa chiberekerocho kuti mayi apulumuke. Mwamva?"

Ndinavomera ndi mutu.

Kunyumba ndinatunga madzi m'kapu, kapisozi ali m'manja. Amayi anandigwira mkono.

"Iwe, bala lili panja apa, mankhwala ukuwaponya kukhosi? Akafika liti? Akadzera ku Muloza?"

"Adokotala anati ndizimwa, amayi."

"Adokotalawo mwendo wa bambo ako anauona? Chikwanje chinafika pafupa, koma ndinauumitsa ndi omwewa. Tagona apa."

Sankanama. Kwathu munthu akatemeka, amatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala. Ngakhale mbuzi ikalumidwa ndi galu amatero. Ndinafuna kuwauza za bala lam'kati lija, koma ine kutsutsana ndi munthu sinditha. Ndinangoti, "Anati muli lina m'kati," motsitsa kwambiri moti mwina sanamve n'komwe.

Anasamba m'manja ndi sopo. Anapotokola kapisozi mosamala, n'kumagogoda ndi chala kuti ufa ugwere motsatira mzere wa ulusi. Ankauzira pang'onopang'ono ngati mmene ankachitira ndili mwana ndikapsa ndi phala. Ankatero m'mawa ndi madzulo, osaphonya. Posakhalitsa pamwamba panauma, panachita nkhanambo yolimba.

"Waona?" anatero. "Ukanameza, bwenzi pano likuchuchabe."

Inenso ndinakhulupirira. Ndinagona bwino masiku amenewo.

Amuna anga amathyola tiyi kuesiteti, ndipo ankabwera Loweruka lokha. Atafika anandifunsa ali pakhomo, "Mankhwala aja mukumwa?" Ndisanayankhe, amayi anayankha ali kuseri kwa nyumba komwe ankasenda chinangwa, "Akugwira ntchito, bambo, musade nkhawa." Mkamwini safunsa apongozi ake kawiri. Anangoti zikomo, n'kunyamula mwana.

Makapisozi akuchipatala atatha, amayi anakagula ena kumsika. Nthawi imeneyo n'kuti m'munsi mwa mimba mukulemera ngati mwaikidwa mwala. Kunali kotentha, anthu akugona pakhonde masana, koma ine ndinkanjenjemera m'bulangete. Kenako kunabwera fungo. Ndinkamanga zitenje ziwiri, ndipo azimayi akumpingo akabwera kudzaona mwana ndinkakhala patali, kumene mphepo ikupita. Amayi ankati ndi malungo.

Tsiku lina m'mawa ndinawerama kuti ndinyamule mwana pamphasa. Ndinamva chinthu chikuphulika, kenako timadzi tofunda tikuyenderera m'miyendo. Anali mafinya. Amayi anakuwa, anthu anathamangira galimoto kumsewu.

Kuwodi anamwino atachotsa chitenje anaima kaye. "Mwathira chiyani apa?"

Amayi anafotokoza okha. Mayi wina wa pabedi loyandikana, amenenso anali ndi bala lake, anadzutsa mutu. "Achemwali, mumafuna kuphika chigumu pamimba? Mukanathirako ndi soda!" Wodi yonse inaseka, iyenso anaseka mpaka kugwira pabala pake. Atandiona nkhope anasiya, n'kunditumizira nthochi.

Anamwino sanakalipe. Anauza amayi kuti mankhwala aja amayenda ndi magazi, ndipo magaziwo ndi amene akanawafikitsa m'kati momwe munali matenda. Ufa unangotseka pamwamba, mafinya n'kusowa potulukira. Amayi ankangoyang'ana manja awo.

Anamasula ulusi wonse, bala analisiya lotsegula kuti azilitsuka tsiku ndi tsiku. Kutsukako sindifuna kukukumbukira. Anandiika diripi, ndipo mankhwala opha majeremusi ankadzera pamtsempha wa padzanja, ozizira, omveka akukwera mkono. Ndinkawayang'ana akudontha, mumtima ndikuwauza kuti fulumirani, pitani kumene anzanu sanafike. Thupi silinazizire. Anasintha n'kuika amtundu wina, amphamvu kuposa oyamba. Mkaka unachepa, mwana ankalira pamsana pa amayi panja. Mayi wa chigumu uja anachira n'kutuluka. Pabedi lake panabwera wina, nayenso anatuluka.

Kenako adokotala anaitanitsa amuna anga. Amuna angawo anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Mankhwala tayesa," anatero adokotala, "koma chiberekero chawonongeka kwambiri, ndipo chikuthira poizoni m'magazi. Tikachisiya, mayiwa tiwataya."

Moyo wanga wonse ndinali ndisanafunsepo dokotala funso. Tsiku limenelo ndinafunsa. "Nanga mwana wina?"

Anati, "Pepani, mayi. Mulere amene muli nayeyu."

Opareshoni yachiwiri itachitika, thupi linazizira. Anandipatsanso makapisozi oti ndikamalizire kunyumba. Amayi ndi amene ankanditungira madzi. Ankaima pomwepo mpaka ndimeze, kenako ankati, "Tayasamula," n'kusuzumira m'kamwa ngati mwana. Za ufa uja sitinakambiranepo mpaka lero. Sindiwada. Ndikawaona akupita kumunda atawerama, ndimasowa woti ndimukwiyire.

Bala linapola, linasiya chipsera chachikulu chokwinyika. Mwana tsopano akuyenda. Azimayi kumjigo amandiseka, "Mphwake abwera liti? Kapena bambo akutopa ndi tiyi?" Ndimaseka nawo pang'ono, n'kusenza ndowa isanadzaze. Amuna anga sananenepo mawu oipa, koma Loweruka lina amabwera, lina sabwera, ndipo ine sindifunsa.

M'mudzi nkhani sibisika kwa achibale. Mvula isanayambe chaka chino, kunabwera mwana wamkazi wa amayi aang'ono, mayi wobereka atsikana okhaokha. Anapereka moni mwaulemu, n'kupempha amayi kuti akamuonetse malire a munda wa nandolo uja. Anati akungofuna kudzala chinangwa m'mphepete, poti ife tilibe manja okwanira. Ndinkayembekeza kuti amayi akana, pakuti munda umenewo anaukanirira ngakhale kwa alongo awo. Anangotenga khasu n'kutsogola.

Ndinawatsatira chapatali, mwana ali kumsana. Amayi ankaloza kuyambira pamtengo wa mango mpaka kukhwawa, osati m'mphepete mokha. Ndinamutsitsa mwana kuti aponde pansi. Anakhala pamzere, n'kuyamba kukumba dothi ndi kamtengo, akuseka yekha. Mayi wa atsikana uja anamunyamula bwinobwino, n'kumukhazika kunjira kuti ayambe kulima.