Sekuru Yasini ndi mota ya chigayo

Moni nonse, imvani zachitika lero kuno ku Wedza.

Sekuru Yasini, agogo a komboni kuno, atulutsa mota ya chigayo imene mzungu wa famu ino anagula nthawi ya Chitaganya. Akuti imafuna magetsi amphamvu kuposa a m'nyumba, ndiye alumikiza soketi yawo ndi ya aneba, a Phiri. Nditawaletsa anandiyankha kuti, "Mwana iwe, ng'ombe ziwiri zimakoka kuposa imodzi."

Atangoyatsa kunamveka phuu, magetsi n'kuzima komboni yonse. Mota inazungulira kamodzi kokha, m'kati mwake n'kutuluka makoswe. Nsidze za Sekuru zapserera, koma akungosekerera kuti yazungulira.

Panopa ali pakhomo ndi waya wina, akuti yatsala soketi yathu. Amayi adzitsekera m'nyumba. Tiwauze chiyani, poti ine sandimvera?