Tsiku Limene Ndinabisira Amayi Maliro

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili mu oitava, kalasi lachisanu ndi chitatu, pamene ababa anagula foni ku Metangula. Sanagulire ine. Amalume a Mateyu, mlongo yekhayo wa amayi, anali atagonekedwa m'chipatala ku Lichinga, ndipo amayi sankapeza mtendere posamva za iwo. Koma maso a ababa anazolowera ukonde, osati tizilembo, choncho foniyo inakhala m'manja mwanga pamodzi ndi lamulo lake: kuimba, kuwerenga mauthenga a ku Lichinga, zakusukulu, basi.

"Kumene anzako amaikako zithunzi kuja usapondeko," anatero.

Ndinavomera nditagwada, monga ndinkavomerera chilichonse. Koma mnzanga Selina anandionetsa polowera, ndipo ndinayamba kusuzumirako mobisa, mamega a intaneti akakhalapo. Sindinkalembako kanthu. Ndinkangoyang'ana, mtima uli m'mwamba ngati wakuba chinangwa.

Kwathu ku Nkholongue netiweki inkagwira bwino pamwala wa kuseri kwa tchalitchi. Loweruka lina m'mawa, mwera ukuwomba, ndinakwera pamwalapo kukafuna uthenga. Panalibe. Ndinasuzumira koletsedwa kuja, ndipo chithunzi choyamba chinali cha amalume, atavala malaya oyera a kwaya. Anachiika ndi Tomasi, mwana wawo, msuweni wanga. Pansi pake panali kandulo ndi mawu akuti *descanse em paz, papá*, kutanthauza kuti usani mumtendere, ababa. Selina anali ataikapo kale tinkhope tolira.

Ndinakhala pansi pamwala pomwepo. Kwathu maliro sanenedwa panjira. Amabwera ndi anthu, anthuwo amakhala pansi, ndipo pokuuza pamakhala wina kumbuyo kwako woti akugwire. Amayi anali ndi tensão, nthenda ya kuthamanga magazi. Anagwapo kumunda atamva mwadzidzidzi za imfa ya mnansi, mpaka ananyamulidwa pamachira. Tsopano imfa ya mlongo wawo inali m'matumba a ana onse a m'mudzi, iwo ali poyera, kumathandala, akutembenuza usipa.

Njira yotsika inkadutsa pomwepo.

"Lidiya! Alemba amalume ako?"

Sindinali nditawanamizapo. Ndinabisa foni m'chitenje.

"Netiweki ikuvuta lero, amayi."

"Ndi mphepoyi," anatero, osandiyang'ana. Ankasankha usipa waukuluukulu n'kumauika padera m'dengu. "Uwu ukwere chapa mawa, kaminibasi ka ku Lichinga kaja. Mateyu akuti ndiwo za m'chipatala zikumva madzi okhaokha. Munthu wa kunyanja angachire ndi kabichi?"

Anaseka. Ine ndinayesa kuseka, osatheka. Kenako ndinaona Selina akubwera chakumchenga, ndowa pamutu, nkhope ataikonza kale ya chisoni. Ndinamuthamangira n'kumugwira dzanja mwamphamvu mpaka madzi anatitayikira tonse.

"Pepa, mnzanga," anayamba motero.

"Khala chete! Amayi sakudziwa."

"Iii! Koma aliyense waona. Ndi ana a kwa a Chisale omwe."

"Bwerera, chonde. Uwauze asadutse kuno."

Panatsala ababa. Anali pansi pa mtondo akusoka ukonde. Kuti ndiwauze, ndinayenera kuwaonetsa kumene ndinaziona. Ndinaima kumbuyo kwa bwato nthawi yaitali ndithu, ndikuyeza mantha anga awiri, pamene anthu ankangodutsa cha kumathandala. Pomaliza ndinagwada n'kuwapatsa foni, chithunzi chili poyera.

Anachiyang'ana. Anayang'ana ine. Chingwe chimene anali nacho pakamwa anachilavula.

"Waona liti?"

"Kanthawi kapitako."

"Nanga unali kuti nthawi yonseyi?"

Ndinaloza kuseri kwa bwato. Anadziwa okha.

"Za foni tidzakamba. Imbira amake Tomasi."

Tinakwera pamwala, ine ndikuwaulula bodza limene ndinauza amayi. Mawu a azakhali, akazi a amalume, ankamveka patalipatali. Zinali zoona, amalume anatisiya m'bandakucha. Anali atatuma munthu pa chapa kuti adzanene mwamwambo, afika madzulo. Zoti Tomasi waika chithunzi sankadziwa n'komwe.

"Madzulo n'kutali," anatero ababa atadula. "Ine ndikukaitana achemwali anga ndi amayi a kutchalitchi. Iwe pita ukawachotse amako panja. Ukhale nawo m'nyumba, pasalowe munthu."

"Ndikanene chiyani?"

"Wanena kale bodza limodzi. Upeza lina."

Ndinawauza amayi kuti mutu ukundipweteka, ndipo silinali bodza kwenikweni. Ananyamula dengu lija, tinalowera kunyumba. Panjira tinakumana ndi mayi wina wogulitsa mandasi, amene masiku onse ankawanyoza amayi kuti usipa wawo ndi wamchenga. Tsiku limenelo anapatuka, n'kuwerama, n'kupereka moni wapansipansi.

"Ameneyu wadwala?" anafunsa amayi. "Bwanji lero alibe mwano?"

M'nyumba anandigoneka pamphasa, n'kundiika nsalu yonyowa pachipumi. Iwo anakhala pambali panga akumanga usipa m'kathumba, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Fungo la usipa ndi la sopo wa pansaluyo ndimalimvabe. Phazi lililonse likadutsa panja, ndinkayang'ana kukhomo. Kenako foni inalira m'chitenje mwanga.

"Si Mateyu ameneyo? Yankha."

Ndinayang'ana. Anali mnzanga wa kusukulu, ndipo ndinadziwa chimene ankafuna kunena. Ndinaizimitsa.

"Batire yatha."

Amayi anasiya kumanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mmene amayang'anira mitambo asanayanike nsomba.

"Lidiya. Mutu ukupweteka mbali iti?"

Pomwepo panamveka odi. Analowa achemwali a ababa ndi amayi atatu a kutchalitchi, atamanga mipango. Sanaseke, sanafunse za usipa. Anakhala pansi mwakachetechete, mmodzi kumanja kwa amayi, wina kumanzere, achemwali a ababa kumbuyo kwenikweni, mawondo awo atagunda msana wa amayi. Ababa anagwada pakhomo, chipewa m'manja.

"Make Lidiya," anatero.

Sanamalize. Amayi anafuula dzina la mlongo wawo n'kugwa chagada, koma anagwera m'manja. Panali madzi, panali wowapepesa, panali wowakupiza ndi mpango. Sanakomoke.

Titabwerako kumaliro, ababa anandiitana pansi pa mtondo uja. Ndinapita ndi foni m'manja awiri, wokonzeka kuibweza. Sanailandire.

"Unaphwanya lamulo langa, ndipo sindikukuyamikira," anatero. "Koma chandiwawa ndi china. Unanyamula maliro wekha, amako ali poyera, chifukwa unkaopa ine. Akanadutsa mwana mmodzi wa pakamwa pomasuka, bwenzi tikuika awiri." Anakoka ukonde. "Ndinakuletsa nyumba imene sindinalowemo. Khala apa, undionetse."

Ndinawaonetsa. Anaona zithunzi za anzanga, magule, mikangano ya mpira, ndi zina zimene zinawakwiyitsa mpaka anandiuza kuti ndizichotse pomwepo. Lamulo linasintha. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkayang'ana limodzi, ndipo chilichonse cholemera chimene ndakumana nacho mmenemo ndinkayenera kubwera nacho kwa iwo msanga, za chilango pambuyo. Ababa sanamukalipire Tomasi. Anangomufunsa kuti pamene ankaika chithunzi chija, ankaganiza kuti azakhali ake, amayi anga, ali ndi yani.

Lero foni ili ndi mng'ono wanga, ndipo ndikamuona akubisa galasi lake ndi dzanja, sindiyamba ndi kulanda. Ndimakhala pambali pake. Ndinazindikira kuti mwana woopa kwambiri saleka kuona zinthu, amangoleka kuzinena. Ndipo foni imadziwa kufikitsa mawu, koma sidziwa kukhala kumbuyo kwa munthu.

Amayi sanakambepo za tsikulo kufikira nyengo ya mwera itabweranso. Tinali kumathandala, iwo akusankha usipa.

"Netiweki ija sinkavuta," anatero, osandiyang'ana.

"Sinkavuta, amayi."

"Batire?"

"Inalimo."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kusankha. Kathumba kaja, kamene anamangira amalume, kanakweradi chapa m'mawa mwake monga ananenera. Anthu anakadyera pamaliro.