Lisiti la Mayina Makumi Awiri ndi Atatu

Abambo Maliki Binali anabwera ku Joni kudzakumba mgodi. Mu 1974, anzawo atayamba kubwerera kumudzi, iwo anatsalira. Anagula pasi yolembedwa kuti Simon Ndlovu, munthu wa ku Natal amene sanamuonepo, ndipo ndi dzina limenelo anapeza ntchito ya m'galadeni kwa bwana Fourie ku Randburg. Ine Rozina ndinawapeza kumeneko nditalembedwa ya m'nyumba, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinawagwira. Mzulu wanji woyala kamkeka kuseri kwa galaja masana alionse n'kumaswali? Nditawapatsa moni wakwathu anangoti mwee, kenaka n'kuika chala pakamwa. Nanenso mapepala anga anali ogula, choncho tinasungirana.

Anali munthu wosakamba zambiri, koma mutu wake wouma ngati chitsa. Lamlungu lililonse ankakumana ndi Asilamu anzawo a ku Mangochi ndi ku Machinga. Ankasonkherana zogulira nsanda wina akamwalira, komanso anali ndi kamadrasa ka ana m'kachipinda kena ku Alexandra. Osambitsa maliro m'gululo anali Maliki. Zimene ankaponyamo m'thumba la zosonkhazo sankanena, ati sadaka siimbiridwa ng'oma. Ine zinkandinyansa kuwaona ndi nsapato yong'ambika chonsecho akuvekera anthu akufa nsalu yatsopano, ndipo ndinkawauza pamaso.

Mu 1985 bwana anamva za kamadrasa kaja, Maliki atapempha tchuthi choti akathandize kukasukuluko. Bwanayo sanali woipa mtima, koma akamapereka diso limakhala kwina. Anatulutsa ma randi mazana asanu, n'kunena kuti ndalama yopita kusukulu boma limachotsera munthu msonkho, ndiye Simon abwere ndi lisiti. Maliki anakondwa ngati mwana, nakapereka ndalamazo kwa mlembi wa gulu, a Asumani.

Ha, a Asumani! Kumudzi anali kalaliki pa boma, ndipo cholembera sichinkachoka m'thumba la malaya. Buku la malisiti analibe. Anaona kuti mzungu wapereka zochuluka chotere sangapatsidwe kachikalata ka mizere iwiri, kungakhale kusalemekeza. Analemba kalata yothokoza m'Chingerezi chawo cha ku ofesi, ndipo patsamba lachiwiri anandandalika onse othokozawo monga timalembera kwathu: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Anawonjezeranso nyumba imene aliyense akugwirako ntchito, kuti bwana adziwe kuti ndi anthu odalirika. Anthu makumi awiri ndi atatu, popanda ndi mmodzi yemwe wokhala ndi chilolezo chenicheni. Maliki ankawerenga Chiarabu chokha. Anatenga envulopu yomata, n'kukaipereka ndi manja awiri.

Kalatayo ndinaiona Lachinayi lina masana. Bwana anali atamwaza malisiti ake pathebulo, akusanja oti m'mawa mwake apite nawo kwa munthu wowalembera za msonkho, yemwe akanawatumiza ku boma. Foni italira anadzuka, ine n'kuika tiyi, maso n'kugwera pa mawu akuti Mangochi. Ndinavundukula tsambalo. Dzina loyamba linali Maliki Binali, ndipo pambali pake mlembi wathu wosamala anali atalemba kuti wodziwika ngati Simon. Bwana anali ataona tsamba loyamba lokha, pamene panali ndalama. Atabwerako anaunjika zonse m'chikwama, n'kukiya, n'kukachitsekera m'chipinda chake chowerengera.

Ndinathamangira kumpanda kumene Maliki ankadula maluwa. Ndinawauza kuti pepala limenelo likangofika m'manja mwa boma, galimoto ya apolisi idzayenda nyumba ndi nyumba ngati yotola zinyalala, ndipo onsewo akatsikira kumalire ku Mwanza ndi malaya okha. Ndinati tithyole chikwamacho, kaya tichibe, kaya tiotche nyumba yomwe, ine zinali zitandikwana. Iwo anaika sizasi pansi. Anati kakasowa kanthu m'nyumbamo woyamba kugwidwa ndine, ndipo apolisi akabwera adzafunsa pasi ya aliyense. Anafunsa ngati dzina la a Madina, mayi wamasiye wa ana anayi, linalipo. Ndinati lilipo. Anatolanso sizasi ija n'kupitiriza kudula.

M'mawa mwake Maliki anaima pakhomo la galaja atavula chipewa. Ine ndinali pawindo la kukhitchini, ndipo ndinene zoona, sindinatuluke. Mantha anandigwira, mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Anapempha kuti bwana awabwezere kalata ija, abweretsa ina. Bwana anali atachedwa kale, anati yomweyo ili bwino. Maliki anati ndiye ndalamazo azidula pa malipiro, bola kalatayo ibwere. Apo m'pamene zinaipa. Bwana anaika chikwama pamwamba pa galimoto, nkhope itafiira, n'kufunsa ngati sukuluyo ilikodi kapena amudyera. Anati akapanda kumva zomveka aimbira apolisi akaione okha. Foni inali pakhonde, mapazi khumi kuchokera pamene anaima.

"Baas, ine si Simon," anatero Maliki. "Dzina langa ndine Maliki Binali, kwathu ndi ku Malawi. Ine chitani nane chimene mukufuna. Enawo asiyeni."

Zaka khumi ndi chimodzi dzina limenelo linali lisanamveke pabwalo limenelo. Bwana anatsegula chikwama, n'kupeza tsamba lachiwiri lija. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anayang'ana kukhonde, n'kuyang'ananso pepala. Ine mbale imene ndinkatsuka ndinaigwira mpaka zala kuwawa.

Kenaka anathothola tsambalo n'kuwapatsa.

"Dzulo sindimadziwa," anatero. "Lero ndikudziwa, ndipo wolemba ntchito mlendo akudziwa amalipitsidwa. Pofika masana ndisakupeze pano."

Tsamba loyamba anabwezera m'chikwama, msonkho wake sanauiwale. Maliki anakaponya mayina aja pa mulu wa masamba umene unkafuka kuseri, n'kuima pomwepo mpaka atapsa. Akumanga katundu wawo, kamkeka ndi ketulo, ndinawauza kuti Lamlungu ndikamutukwana Asumani pamaso pa gulu lonse. Anandiletsa. Anati mkuluyo analemba ndi mtima wabwino, ndipo anthuwo akamva adzayamba kuwathokoza, pamene chinthu chikathokozedwa pansi pano mphotho yake yathera pomwepo. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ine wa Katolika, ndipo ndinalumbira ndikulira ndi ukali.

Patapita miyezi ndinamva bwana akudandaulira akazi awo kuti lisiti lija linakanidwa, ati kasukuluko sikanali kolembetsa. Pepala lopanda ntchito!

Maliki sanapezenso ntchito yokhazikika. Ankayenda maganyu, kudula kapinga apa, kupenta mpanda apo, mpaka anakamanga kachisakasa ka malata ku Ivory Park, kumene chifuwa cha mgodi chinawamaliza mu 1993. Pamaliro anabwera onse aja, a Madina ndi ana awo atakulakula. Ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti malemuwa anataya ntchito yabwino ku Randburg chifukwa cha mwano. Ndinaluma mpango wanga.

Kumanda amapita amuna okha, choncho ine ndinakaona patapita sabata. Pakathabwa ka pamandapo panali zilembo zokongola zopendekera, ndinazidziwa ndili patali. A Asumani anali atalemba zonse bwinobwino: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma.